Ulendo wa pa Ilala kuchokera ku Monkey Bay: zomwe okwera amakonda ndi zomwe sitima yatsopano iyenera kukhala nazo

Lachisanu m'mawa, dzuwa lisanatenthe, pachipata cha doko la Monkey Bay pamakhala patadzaza kale. Pali matumba a ufa ndi a simenti, malata omanga ndi linya, njinga, matiresi okulunga, madengu a tomato, mayi wobereka mwana ndowa ili pamutu, ndipo pakati pa onsewa pali alendo awiri atatu akunja a zikwama zakumsana. Onse akudikira sitima imodzi, MV Ilala.

Sitimayi inapangidwa mu 1949 ndi kampani ya Yarrow ku Scotstoun, mumzinda wa Glasgow ku Scotland. Inabwera zidutswazidutswa kudzera ku Beira, n'kulumikizidwa kuno kunyanja, ndipo inayamba ntchito mu 1951. M'litali ndi mamita pafupifupi 52, imanyamula anthu oposa 300 ndi katundu wa matani pafupifupi 100. Ndondomeko yomwe yakhala ikutsatidwa zaka zambiri ndi yonyamuka ku Monkey Bay Lachisanu, kudzera ku Nkhotakota, Likoma, Chizumulu, Nkhata Bay, Usisya ndi Ruarwe mpaka kukafika ku Chilumba Lamulungu, kenako n'kubwerera kudzafika kuno Lachitatu. Madoko ena ang'onoang'ono amalowa ndi kutuluka pamndandanda malinga ndi nyengo komanso kuchuluka kwa madzi.

Ulendo umenewu ndi umodzi mwa maulendo okoma kwambiri omwe munthu angayende m'dziko muno, ndipo woyenda panyanja koyamba asauphonye. Koma pulani ya sitimayi inajambulidwa ndi anthu a m'zaka za m'ma 1940, poganizira chiwerengero cha anthu ndi katundu wa nthawi imeneyo. Zomwe zimawawa okwera lero zambiri zikuchokera pamenepo, ndipo sitima yodzalowa m'malo mwake ikadzajambulidwa ndi anthu oyang'ana makabini okha osatsika pansi kukaona momwe gogo wa ku Chizumulu amakwerera, tidzakhala tagula mavuto omwewo ndi utoto watsopano.

Malo ogona ndi okhala ali m'magulu anayi. Makabini ndi ochepa, ali ndi mabedi ndi chitseko chokhoma, ndipo ofuna kabini ayenera kusungitsiratu malo. Kenako pali deki yapamwamba, yopanda zipupa, pomwe pali bala ndi denga la mthunzi. Anthu amagona pamatiresi pansi pa nyenyezi. Pansi pake pali sekondi kilasi, ya mipando yomwe munthu angatsamire. Pansi penipeni, pafupi ndi injini ndi katundu, ndi ekonomi, komwe kumakhala anthu ambiri koposa kwina konse.

Chomwe aliyense wokwera pamwamba amachitchula poyamba ndi mphepo ndi malo oona patali. Sitima ikangotuluka pakati pa mapiri a Monkey Bay, nyanja imatseguka, kumanzere mapiri a ku Cape Maclear, kumanja kutali gombe la ku Makanjira. Nyengo yake ikakwana mumaona nkhungu, tizilombo touluka ta panyanja, zikufuka pamadzi ngati utsi wa tchire lomwe likupsa pakati pa nyanja. Usiku nyali za asodzi a usipa zimandandalika mpaka osadziwa pomwe madzi athera ndi pomwe thambo layambira. Deki yotseguka imeneyi isadzachotsedwe. Sitima zambiri zamakono zimatsekera anthu m'magalasi ndi makina oziziritsa mpweya, ndipo makinawo akawonongeka chipinda chimasanduka uvuni. Kuno kwathu denga labwino ndi matenti am'mbali otsitsa mvula ikabwera n'zokwanira, ndipo malo otere ayenera kudzakhalaponso a anthu a tikiti yotsika mtengo.

Chachiwiri chomwe anthu amakonda ndi moyo wa pamadoko. Sitima ikaliza hutala n'kuponya nangula, gombe lonse limadzuka, mabwato ndi maboti amathamangira, ana amasambira mozungulira, amalonda akukweza nthochi, chinangwa chophika ndi nsomba zowamba. Chakudya cha m'sitima ndi chathu chomwe, nsima kapena mpunga ndi nyemba, nyama kapena nsomba, ndipo palibe amene amapempha zoposa pamenepo malinga chikhale chotentha ndi chopezeka nthawi yake.

Kunja kuli sitima zokayenda zokasangalala zikuluzikulu. Icon of the Seas, yomwe inayamba ntchito mu 2024, ndi yaitali mamita pafupifupi 365 ndipo imatha kunyamula alendo oposa 7,000, ili ndi maiwe osambiramo ndi malo ochitira masewera. Imeneyo ilibe chotiphunzitsa chambiri. Yofanana ndi yathu ndi ya ku Norway yotchedwa Hurtigruten, yomwe inayamba mu 1893 ndipo lero imayenda pakati pa Bergen ndi Kirkenes ikuima pamadoko oposa 30, itanyamula eni dera, katundu ndi alendo okaona malo m'sitima imodzi. Alendo amalipira ndalama zambiri chifukwa sitimayo ikugwira ntchito yeniyeni. Pa Ilala n'chimodzimodzi. Mlendo wochokera ku London sabwera kudzafuna dziwe losambiramo pamwamba pa nyanja ya Malawi. Akufuna bedi loyera, chimbudzi chogwira ntchito, ndi kudziwa nthawi yofikira, zomwenso mayi wa geni ya usipa akufuna.

Tsopano nkhani yaikulu, ya kukwera ndi kutsika.

Ku Monkey Bay munthu amayenda ndi mapazi ake kuchokera pajeti kulowa m'sitima. Koma malo ngati Nkhotakota, Chizumulu, Usisya ndi Ruarwe sitima imaima patali chifukwa kugombe madzi ndi osaya kapena kuli miyala. Amalinyero amatsitsa maboti a sitimayo ndi zingwe, ndipo maboti omwewo, omwe ntchito yake yeniyeni ndi yopulumutsira anthu pangozi, ndi amene amatuta anthu ndi katundu. Wotsika amatulukira pakhomo la m'mbali mwa deki yapansi, amagwira makwerero achitsulo, n'kuponda m'boti lomwe likukwera ndi kutsika ndi mafunde. Kukakhala bata, sizivuta. Kukakhala mafunde, boti limatha kutsika theka la mita kapena kuposa pa nthawi yomwe phazi likufuna poponda. Mwana amapatsirana m'manja ngati phukusi. Gogo amagwiridwa m'khwapa ndi anyamata awiri, wina pamwamba wina pansi, chitenje atachikwinyira m'chiuno. Likafika kugombe, boti silifika pouma; munthu amatsikira m'madzi ofika m'maondo, nthawi zina m'chiuno, katundu ali pamutu. Zonsezi zimatha kuchitika usiku pakati, kuunika ndi tochi ya pafoni.

Zovuta zake zili zitatu, ndipo chilichonse chili ndi mankhwala ake. Choyamba, khomo ndi limodzi la otsika, okwera ndi katundu, ndiye anthu amapanikizana pomwe ndi poopsa koposa. Sitima yatsopano ikhale ndi makomo awiri mbali iliyonse, la anthu palokha la katundu palokha, kuti kaputeni athenso kutembenuza sitima n'kutsitsira anthu mbali yomwe yabisika ku mphepo. Chachiwiri, makwerero oimirira salola munthu wonyamula mwana, wodwala kapena wa ndodo. Pakufunika kathandala kotsitsidwa kufika pafupi ndi madzi, kokhala ndi zogwirira mbali zonse ndi nyali yowala, kuti munthu aziponda m'boti ngati akuwoloka khomo. Chachitatu, boti lopulumutsira anthu lili ndi msana wakuthwa pansi, silingafike pamchenga. Maboti otutira anthu akhale osiyana, a pansi pafulati ndi chitseko chakutsogolo chogwa pamchenga, kuti njinga ya olumala kapena machira a wodwala azitsika osanyowa. Maboti opulumutsira akhale pamalo pake, osatopetsedwa ndi ntchito ya tsiku ndi tsiku.

Ena amati mankhwala ndi kumanga majeti paliponse. N'zoona, koma jeti ya konkire yokhazikika ili ndi vuto lake: madzi a nyanja ino amakwera ndi kutsika pafupifupi mita imodzi chaka chilichonse, ndipo zaka zina amapyola pamenepo. Anthu a ku Mangochi akukumbukira 2024, pomwe madzi analowa m'malo ogona alendo ndi m'nyumba za m'mphepete mwa nyanja. Jeti yomangidwa molingana ndi madzi a chaka chimodzi imamira chaka china kapena kutsala pamtunda. Yoyenera madoko ang'onoang'ono ndi yoyandama, yomangiriridwa ndi maunyolo, yolumikizidwa kumtunda ndi mlatho wopindika womwe umatsatira madzi.

Nkhani ya nthawi imachokera pomwepa. Anthu ambiri amaganiza kuti sitima imachedwa chifukwa ndi yoyenda pang'onopang'ono, ndiye amafuna yothamanga. Maola ambiri amatayika sitima ili chiimire. Tiyerekeze kuti pali anthu 120 otsika, boti limodzi likunyamula 20, ndipo ulendo umodzi wopita ndi kubwera, kuphatikiza kukweza ndi kutsitsa, ukutenga mphindi 25. Ndi maulendo 6. Maboti awiri atenga mphindi 75, tisanawerenge matumba a chimanga, makireti a zakumwa ndi malata. Katundu akachuluka kuima kwa ola limodzi kumasanduka maola anayi, ndipo kuchedwa kwa doko limodzi kumasamukira kumadoko onse otsatira. Liwiro nalo ndi lodula. Mphamvu yomwe injini imafuna imakwera msanga kuposa liwiro: kuti sitima yoyenda makilomita 18 pa ola ifike pa 22, pamafunika mphamvu yoonjezera yoposa theka la yoyambayo, ndipo dizilo ameneyo adzalipiridwa ndi tikiti ya ekonomi. Kireni yabwino, katundu wolongedwa m'makhola achitsulo olembedwa dzina la doko, ndi maboti otutira oyenera zingapulumutse maola ambiri kuposa injini yaikulu.

Ndipo kuchedwa pakokha anthu a kunyanja amakumvetsa, amadziwa mwera. Chowawa ndi kusadziwa. Munthu amagona pamchenga ndi ana usiku wonse kuopa kuti sitima ingamusiye. Zida zoonetsa pomwe sitima ili zilipo kale ndipo si zodula. Uthenga wa pafoni wonena kuti yanyamuka doko lakuti nthawi yakuti, wofika ngakhale pa kafoni ka mabatani, ungasinthe ulendo wonse.

Zimbudzi ndi madzi. Apa ndi pomwe sitima iliyonse yodzaza imayesedwa tsiku lachiwiri la ulendo. Muyezo womwe amagwiritsa ntchito pamalo osonkhana anthu ambiri ndi chimbudzi chimodzi pa anthu 20, kutanthauza zimbudzi 20 pa anthu 400, ndipo zambiri zikhale pansi komwe kuli anthu ambiri, za amayi pazokha. Zimatsekeka kawirikawiri chifukwa cha matewera, nsanza ndi mapepala olimba, choncho mapaipi akhale aakulu, okhala ndi potsegulira pa ngodya iliyonse, ndipo m'chimbudzi chilichonse mukhale bini ya chivundikiro. Zimbudzi zokoka ndi mpweya zimagwiritsa ntchito madzi pafupifupi lita imodzi pomwe zamasiku onse zimafuna malita 6 kapena kuposa, koma zimafuna mmisiri wozidziwa, ndiye wosankha aganize kawiri. Zonyansa zisamatayidwe m'nyanja. Zisungidwe m'thanki n'kukapopedwa padoko, chifukwa madzi omwewo ndi omwe anthu a m'mphepete amamwa ndi kutsukira mbale, ndipo boma lino la Mangochi linaona kolera ya 2022 ndi 2023 ndi maso ake. Madzi akumwa, pa malita 3 munthu aliyense patsiku, ndi malita 1,200 pa anthu 400. Nyanja ndi ya madzi opanda mchere, kotero makina osefa ndi kuthira klorini ndi okwanira, ndipo mipopi ya madzi akumwa iyenera kukhala pa deki iliyonse, yaulere.

Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti mwera umaomba kuchokera kummwera chakum'mawa, ndipo pa nyanja yaitali makilomita oposa 550 mafunde amakhala ndi mtunda wokwanira kukula. Sitima ikamadutsa pakati, monga kuchokera ku Nkhotakota kupita ku Likoma, imayamba kupendama uku ndi uku, ndipo theka la anthu limagwidwa nseru. Sitima zikuluzikulu zakunja zili ndi zipsepse zoyenda ndi makina zochepetsa kupendamaku, koma zimagwira ntchito sitima ikamayenda basi, ikaima pa nangula sizithandiza, komanso kukonza kwake n'kodula. Zitsulo zazitali zowotcherera m'mbali mwa mimba ya sitima, zopanda makina alionse, zimachepetsa kupendama ndipo sizifuna sipeya. Zimenezo ndiye zotiyenera.

Pa chitetezo sipafunika kunyengerera. Pafupi ndi nsanja ya wotchi pa Mangochi boma, pambali pa mlatho wa Bakili Muluzi, pali chikumbutso cha MV Vipya, yomwe inamira kumpoto kwa nyanja mu Julaye 1946 n'kupha anthu 145. Ku Tanzania, MV Nyerere inagubuduzika pa nyanja ya Victoria mu 2018 itadzaza mopyola muyezo, anthu oposa 200 n'kufa, pafupi ndi gombe penipeni. Sitima yatsopano ikhale ya pansi pawiri ndi zipinda zotchinga madzi, kuti ikagunda mwala madzi asadzaze monse. Katundu wolemera akhale pansi, womangidwa, osati pamwamba. Majekete oyandamitsa akhale okwanira munthu aliyense, a ana akhalepo, ndipo asungidwe pansi pa mipando pomwe dzanja lingafike, osati m'kabati yokhoma. Malangizo a pangozi anenedwe pa chimkuzamawu m'Chichewa, m'Chiyao, m'Chitonga ndi m'Chitumbuka, osati m'Chingerezi chokha. Chiwerengero cholembedwa pambali pa boti chilemekezedwe ngakhale anthu akukalipa kuti akuchedwa.

Katundu asiyane ndi anthu. Pansi pa sitima yodzaza, munthu amagona atatsamira thumba la usipa, mapazi ali pa kireti, njira yopita kuchimbudzi itatsekedwa ndi mitolo. Izi n'zosautsa, komanso moto utabuka kapena madzi atalowa, njira yothawira palibe. Amalonda sakana kusiya katundu m'chipinda chake ngati apatsidwa risiti ya nambala ndipo akudziwa kuti thumba lawo silitsikira doko la eni. Chipinda chozizira cha nsomba zaziwisi chingakweze phindu la asodzi a kuzilumba, ndipo mafuta a petulo a injini za maboti akhale ndi malo awoawo kunja, kutali ndi khitchini.

Zina ndi zing'onozing'ono koma aliyense amazitchula: masoketi ochajira foni pafupi ndi mipando, timakabati tokhoma, matikiti ogula pa Airtel Money kapena TNM Mpamba kuti munthu asayende ndi ndalama zambiri m'thumba, ndi intaneti, yomwe tsopano ndi yotheka pakati pa nyanja popeza Starlink inayamba kugwira ntchito m'dziko muno mu 2023. Pakhale kachipinda ka odwala kokhala ndi bedi, mpweya ndi namwino, chifukwa sitimayi imanyamulanso odwala ndi amayi oyembekezera opita kuzipatala za kumtunda. Kuno ku Mangochi, Makanjira ndi Nkhotakota okwera ambiri ndi Asilamu. Kamalo koyera kopempherera, mpopi wotawasira pafupi, ndi khitchini yosamala za halaal sizidya malo ambiri.

Pali chinthu china chomwe okwera sachiona koma chidzawakhudza. Sitima singabwere kuno ikuyandama kuchokera kunyanja yamchere, chifukwa mtsinje wa Shire uli ndi mathithi ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Ilala yoyamba ya mu 1875 inachita kunyamulidwa pamitu zidutswazidutswa kuzungulira mathithiwo, Chauncy Maples ya mu 1901 inabweranso m'zidutswa, ndipo yatsopano idzafikanso choncho. Ndiye kukula kwake kugwirizane ndi malo okonzera sitima a ku Monkey Bay, kuti izitha kutulutsidwa m'madzi n'kukonzedwa konkuno. Injini zikhale ziwiri, za mtundu womwe masipeya ake amapezeka m'chigawo chino cha Africa, ndipo amisiri athu ndi ophunzira a pa koleji ya zapamadzi ya ku Monkey Bay akhalepo kuyambira tsiku lolumikiza chitsulo choyamba. Sola padenga ingathandize nyali, mafiriji ndi masoketi, koma singayendetse sitima ya kukula kumeneku. Ndipo sitima imodzi siyokwanira: ikapita kokonzedwa, a ku Likoma ndi Chizumulu amatsala akudalira maboti ang'onoang'ono panyanja ya mwera.

Kwa amene akufuna kukwera Ilala panopa, funsani ku doko tsiku limodzi kapena awiri musananyamuke ngati ndondomeko sinasinthe, ndipo mukagone ku Monkey Bay Lachinayi m'malo modalira minibasi ya m'mawa kuchokera ku Mangochi boma, ulendo wa makilomita oposa 60. Ngati thumba likulola, tengani deki yapamwamba. Nyamulani madzi akumwa, bulangete kapena juzi yochindikala chifukwa usiku wa Juni pamadzi kumazizira kwambiri, tochi, sopo, pepala la kuchimbudzi ndi ndalama zapamanja, popeza netiweki imasowa pakati pa nyanja. Foni, ziphaso ndi ndalama zikulungeni m'pulasitiki musanatsikire m'boti, valani nsapato zomanga zosaopa madzi, ndipo chikwama chikhale chakumsana kuti manja onse awiri agwire makwerero. Amene amachita nseru amwe mankhwala ola limodzi sitima isananyamuke, adye pang'ono, akhale chapakati pa sitima pomwe sipagwedezeka kwambiri, maso ali kutali komwe madzi akumana ndi thambo. Musasiye ndege kapena basi yofunika pa tsiku lomwe sitima ikuyembekezeka kufika. Siyani tsiku lathunthu pakati. Oyenda ndi ana aang'ono kapena okalamba asankhe miyezi ya Okutobala ndi Novembala, mwera utatha mvula isanalimbe, ngakhale kuti nthawi imeneyo pansi pamatentha kwambiri ndipo madzi akumwa muyenera kuonjezera.